Kodi Mphunzitsi Ndani Masiku Ano?

Makolo athu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amene wafika m'sukulu zathu ndi makina: wailesi, kompyuta, lamya ya m'manja ndi intaneti. Wophunzira wa Fomu 4 amene sadamvetse phunziro la Masamu m'kalasi angathe kutsegula lamya madzulo n'kupeza munthu wa ku India kapena ku Kenya akulongosola phunziro lomwelo, ndipo angamubwereze kakhumi popanda munthuyo kutopa kapena kukalipa. Poona zimenezi, anthu ena akuti ntchito ya uphunzitsi ili pafupi kutha, pamene ena akuti makinawa akuononga ana. Kalumo kakuthwa kamameta bwino, komanso kamacheka. Tisanagwirizane ndi mbali ina iliyonse, tiyeni tidzifunse funso limene magulu onse awiri amalilumpha: kodi chimene chimachititsa munthu kutchedwa mphunzitsi n'chiyani, ndipo kodi makina angakhale nacho?

Mantha otere si achilendo. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, adalemba za mphunzitsi wake Socrates amene ankakayikira luso lolemba. Socrates ankaona kuti anthu akazolowera kulemba adzaleka kusunga zinthu pamtima, ndipo adzaoneka ngati anzeru pamene angowerenga zambiri osazimvetsa. Ankadandaulanso kuti mawu olembedwa ukawafunsa funso sayankha, ndiponso sadziwa amene akulankhula naye: amanena chimodzimodzi kwa wodziwa ndi kwa mbuli. Lero tingathe kuseka, pakuti maganizo a Socrates tikuwadziwa chifukwa choti Plato adawalemba. Komabe dandaulo lake lachiwirilo tilisunge, chifukwa tilifuna patsogolopa.

Okhulupirira makina nawo ali ndi aneneri awo. M'chaka cha 1913, Thomas Edison wa ku America, mmodzi mwa anthu amene adayambitsa makina a kanema, adalosera kuti mabuku atha ntchito posachedwa chifukwa ana azidzaphunzira poonera kanema. Padutsa zaka zoposa 100 ndipo mabuku akadalipo. Kuno kwathu, m'chaka cha 1965 boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College kuti amene sadapeze malo kusekondale aziphunzira kudzera m'maphunziro otumizidwa papositi, mothandizidwa ndi mapologalamu a pawailesi. Koma ophunzirawo sadangokhala kunyumba aliyense payekha. Ankasonkhana pamalo amodzi, ndipo pamalopo padafunika aphunzitsi owayang'anira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo amenewo adasandutsidwa sukulu zimene lero timazitcha Community Day Secondary School. Maphunziro amene adayamba ndi envulopu ndi wailesi adakathera m'kalasi momwe muli mphunzitsi ndi choko.

Kunena izi sikutanthauza kuti makina alibe phindu. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Kuyambira pamenepo kalasi ya ana oposa 100 idaleka kukhala chinthu chodabwitsa. M'kalasi yotere, ngakhale mphunzitsi atakhala wakhama chotani, sangathe kuima pambali pa mwana aliyense kuti aone pamene akulakwitsa. Apa ndipo makina amathandiza. M'chaka cha 2008 pologalamu ya pawailesi ya Tikwere idayamba kufikitsa maphunziro okonzedwa bwino kwa ana a makalasi oyambirira ngakhale m'sukulu zakutali ndi tauni. Mu 2013 ana a pasukulu ya Biwi ku Lilongwe adayamba kuphunzira Masamu pa timakompyuta ta m'manja totchedwa matabuleti, ndipo mu 2023 boma lidayamba ntchito yofikitsa matabuleti otere, oyendera mphamvu ya dzuwa, m'sukulu zake za pulaimale. Tabuleti imalankhula ndi mwana m'Chichewa, imamupatsa ntchito yolingana ndi pamene wafika, ndipo imamuuza nthawi yomweyo ngati wakhoza kapena walakwa. Munthu wokana thandizo lotere ndiye kuti sakumuganizira mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi uja.

Komabe kusintha kwakukulu koposa kwachitika kunja kwa kalasi, ndipo kukukhudza funso la amene ali ndi mphamvu yophunzitsa. Kale phunziro lisanafike kwa mwana linkadutsa m'manja ambiri. Silabasi inkakonzedwa ndi akatswiri, monga a ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Buku linkaunikidwa lisanaloledwe m'sukulu. Mphunzitsi ankapita kukoleji n'kulandira setifiketi. Njira imeneyi ikadalipo, koma pambali pake patseguka njira ina yopanda chipata. Salman Khan wa ku America sadali mphunzitsi. Adali munthu wogwira ntchito za chuma amene mu 2004 adayamba kuthandiza msuweni wake Masamu, awiriwo ali m'mizinda yotalikirana. Mu 2006 adayamba kuika maphunziro akewo pa YouTube, ndipo mmenemo mudabadwa Khan Academy, pamene anthu mamiliyoni ambiri amaphunzira kwaulere. Lero aliyense amene ali ndi lamya yojambula angathe kuchita chimodzimodzi. Kuno kwathu aphunzitsi ena, ngakhalenso ophunzira a kuyunivesite, amajambula maphunziro ndi kulemba manotsi n'kumawagawa kapena kuwagulitsa m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook.

Ufulu umenewu uli ndi ubwino wake. Mphunzitsi waluso wa Fizikisi wa ku Chitipa, amene kale luso lake linkathera m'kalasi imodzi, tsopano angathe kumveka mpaka ku Nsanje. Angathenso kulongosola m'chiyankhulo cha ana zimene buku lidalemba m'Chingerezi chovuta. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa YouTube, wojambula amene waloledwa kulandira ndalama amapindula molingana ndi kuchuluka kwa anthu oonera. Wogulitsa manotsi naye amapindula ndi kuchuluka kwa ogula. Tsono chimene chimakopa anthu ambiri si nthawi zonse pamene chimakhala choona kapena chothandiza. Phunziro lolonjeza njira yachidule yokhozera mayeso limakopa anthu ambiri kuposa phunziro lofuna kuti wophunzira atuluke thukuta. Motero wokonza maphunziro amayesedwa kuti adumphe mfundo zovuta, alankhule motsimikiza pa zinthu zimene sakuzidziwa bwino, ndiponso kuti aloweze ana mayankho m'malo mowaphunzitsa kuganiza. Akalakwitsa, kulakwitsa kwakeko kumafala ndi liwiro lomwe lija limene luso lake likadafalira.

Apa ndipo tafika paphata pa nkhani yathu. Taganizirani za namkungwi wa kumudzi. Iye sadzisankha yekha. Mudzi umamusankha chifukwa umadziwa khalidwe lake. Akalangiza mwana molakwika, anthu amadziwa pakhomo pake ndipo amapita kukamufunsa. Mphunzitsi wa pasukulu naye ali chimodzimodzi. Amadziwa dzina la wophunzira. Amadziwa kuti uyu akusinza m'kalasi chifukwa wabwera ndi njala, ndi kuti uyo waleka kufunsa mafunso chimwalirireni mayi ake. Mwana akalephera, mphunzitsi amakumana ndi kholo lake kumsika, kumapemphero kapena pamaliro, ndipo amachita manyazi. Manyazi amenewo ndi chizindikiro chakuti wasenza udindo. Choncho tinganene kuti mphunzitsi ndi munthu amene wavomera kufunsidwa mlandu pa zimene zingamuchitikire wophunzira wake. Kudziwa zinthu zambiri n'kofunika ndithu, koma buku nalo limasunga zambiri ndipo palibe kholo limene lidapitapo kukalifunsa chifukwa chimene mwana walepherera.

Chaka cha 2020 chidatipatsa mpata woyesa makina ndi muyeso umenewu. Pa 23 Marichi sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo zidakhala chitsekere kwa miyezi yoposa isanu. Maphunziro adapitirira pawailesi ndi pa intaneti. Koma liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ana athu sadayambire limodzi. Kalembera wa 2018 adali atapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse ankakhala kumidzi, ndipo nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndizo zinkaunikira magetsi. Mwana wa m'tauni wokhala ndi lamya ndi mayunitsi adapitiriza kuphunzira, mnzake wa kumudzi ali kudimba. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti sukulu zitatsegulidwa, atsikana ambiri sadabwerere chifukwa adali atatenga pakati kapena kukwatiwa. Wailesi idaulutsa maphunziro mokhulupirika, koma idalibe maso oonera kuti pamalo pa uje palibe munthu, ngakhale miyendo yopitira kwawo kukafunsa.

M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho, mayeso a MSCE adaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala ena adabedwa n'kumafalitsidwa palamya. Ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adayenera kulembanso mu Januwale 2021. Lamya imene idanyamula mapepala akubawo ndi yomwe ija imene miyezi ingapo m'mbuyomo inkanyamula maphunziro. Iyo sidasankhe chonyamula. Adasankha ndi anthu, ndipo mlandu udali wa anthu.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'zakale, pakuti kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2022 kwafala makina monga ChatGPT amene amayankha mafunso ngati munthu. Angati dandaulo la Socrates lija latha, chifukwa tsopano mawu olembedwa akuyankha. N'zoona kuti amayankha, ndipo nthawi zambiri amayankha bwino. Koma makinawa adaphunzira polondola mmene mawu amatsatirana m'zolembedwa zambirimbiri, ndipo nthawi zina amapeka chaka, dzina kapena buku limene kulibe, n'kulinena ndi mawu otsimikiza omwe aja amene amanenera zoona. Ukawadzudzula amapepesa, koma kupepesako sikuwatayitsa kanthu. Amene akakhale m'chipinda cha mayeso ndi yankho lonamalo ndi wophunzira yekha.

Izi zikutanthauza kuti mbali ina ya udindo umene makina sangathe kuusenza ikugwera wophunzira mwiniwake. Makina angathe kumulembera chimangirizo m'kamphindi, iye n'kukachipereka ngati chake. Wochita zimenezi amafanana ndi munthu amene watuma mnzake kuti akamudyere nsima: mbale ibwera yoyera koma njala ili pomwepo. Mphunzitsi akapereka chimangirizo amafuna kuti mutu wa wophunzira uzolowere kusanja maganizo, ndipo mutu suphunzira ntchito imene wagwira wina. Taonani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adapeza mabuku a sayansi mulaibulale yaing'ono ya kwawoko. Chingerezi chake chidali chochepa, koma adalimbana ndi zithunzi za m'mabukumo mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mabukuwo aliyense akadatha kuwabwereka; chimene chidali chakechake ndi khama. Ndipo mwayi utapezeka, adabwerera kusukulu kukakhala pamaso pa aphunzitsi.

Tisaiwale kuti aphunzitsi nawo ali ndi mlandu woti ayankhe. Alipo ena amene ntchito yawo ndi kulembetsa manotsi omweomwewo chaka ndi chaka, osalola funso, osadziwa ngakhale dzina la mwana. Mphunzitsi wotere makina angalowedi m'malo mwake, chifukwa zimene iye amachita makina amazichita bwino koposa. Amene adzafunikabe ndi uyo amene amasiyira makina ntchito zobwerezabwereza, iye n'kugwiritsa ntchito nthawi yotsalayo kumvetsera ana, kuwafunsa, kuwakonza ndi kuwalimbitsa mtima.

Pomaliza, yankho la funso lathu lija likukhudza anthu atatu. Wokonza maphunziro a pa intaneti, ngati afuna kutchedwa mphunzitsi, adzitchule dzina lake lenileni, anene kumene watenga zimene akuphunzitsa, ndipo akalakwitsa akonze poyera, pokumbukira kuti kuseri kwa chiwerengero cha oonera kuli ana a anthu. Mphunzitsi wa m'kalasi aphunzire kugwiritsa ntchito makinawa, ndipo aphunzitse ana kusiyanitsa phunziro loona ndi lonyenga. Ndipo inu ophunzira, musanakhulupirire chimene mwapeza palamya, funsani kuti wanena ndani, akuchidziwa bwanji, ndiponso akupindulapo chiyani. Mukatero kachiyerekezeni ndi buku, kenaka mukachitule kwa munthu amene mungathe kudzamufunsanso mawa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo masiku ano phula ndi uchi zikubwera m'mabotolo ofanana.