Ana amene filimu idawataya

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu sadaulekezere kumudzi. Ngakhale kuno ku Nyambadwe, kumene nyumba zidabisala m'mipanda yanjerwa, Ndirande ali apo, umatiluma ndithu. Ndiwonso muyeso umene ndimayesera filimu yakale ija ya Wuthering Heights.

Filimuyi idatuluka ku America mu 1939. Mwini ndalama adali Samuel Goldwyn, woitsogolera William Wyler. Laurence Olivier adasewera ngati Heathcliff, Merle Oberon ngati Cathy. Nkhani adaitapa m'buku la Emily Brontë la mu 1847. Bambo Earnshaw adatola kamnyamata kopanda kwawo m'misewu ya ku Liverpool, nakalera pamodzi ndi ana awo. Iwo atatsamira mkono, mwana wawo Hindley adaletsa mnyamatayo, Heathcliff, maphunziro n'kumusandutsa wantchito. Cathy, mlongo wa Hindley, ankamukonda Heathcliff, koma adakakwatiwa kwa eni chuma, kwa Edgar Linton. Heathcliff adasowa, ndipo pobwera adali ndi ndalama m'thumba, mangawa mumtima.

Kukoma kwa filimuyo sindingatsutse. Gregg Toland, amene adaijambula, adalandira nayo mphoto ya Oscar. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bukulo lili ndi mitu 34, opanga filimuyo adangotengako 16. Cathy atamwalira, nkhani adaithamangitsira kumapeto, ndipo Goldwyn adaumirira kuti atsekere ndi mizimu ya awiriwo ikuyendera limodzi, zomwe Wyler sadafune. Woonera amadzuka akupukuta misozi, amvekere chikondi ndiye chimenechi!

Nanga ana? Adawataya onse. Pomwe m'bukumo, mutu wa nkhani wagona pa anawo. Heathcliff adalanda nyumba ya Hindley kudzera m'ngongole za juga, natenga mwana wake Hareton n'kumulera ngati mbuli, dala. Pamwamba pa khomo la nyumbayo padazokotedwa dzina la kholo lake, lofanana ndi lake lomwe, koma mnyamatayo ankadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku osatha kuliwerenga. Mwana wamkazi wa Cathy naye adamutsekera m'nyumba mpaka adakwatiwa ndi Linton, mwana wodwaladwala wa Heathcliff, cholinga chuma cha Edgar Linton chigwere m'manja mwa Heathcliff yemweyo.

Amati choipa chitsata mwini. Zoonadi, Hindley chidamutsata: adafa ali chidakwa, ngongole zili m'khosi. Koma mwambiwo sudalonjeze kuti chikafika pakhomo chidzadya mwini yekha. Nkhanza zimene Hindley adachitira mwana wa eni, adalipira ndi mwana wake, yemwe pamene nkhanzazo zinkayamba adali asadabadwe n'komwe. Ichi ndicho filimu idabisa, poti misozi ya chikondi imagulitsa matikiti, pomwe ya mwana wozunzika imachititsa manyazi.

Tisawaseke a ku Hollywood, adzukulu anga, ifenso nkhani zathu timazidulira pomwepo. Pamaliro a achimwene timaimirira pamaso pa a mfumu, n'kunena kuti mwanayu ndikamuphunzitsa kutauni. Anthu amatiyamika, nkhani yokoma n'kuthera apo. Mitu yotsalayo sitiinena. Mwana uja amadzuka mbandakucha kukolopa, kuphikira anzake phala, kuwasitira yunifolomu, iwo n'kukwera galimoto, iye n'kutsala akutseka geti. Nsima amadyera chiimire kukhitchini, kugona m'kanyumba ka kuseri. Alendo akafunsa timati ndi mwana wathu yemwe. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wa amasiye pagulu la milandu, koma palibe khoti limene lidzazenge mlandu wa mbale yopatulidwa. Mwana amasunga yekha mumtima, ndipo amakula nazo.

Si aliyense wozunzidwa amasanduka Heathcliff. Ambiri amangokhululuka, ena amadzatiikanso m'manda mwaulemu. Koma mmera mpoyamba, ndipo tilibe ufulu woyembekezera kukolola chifundo pamene tidafesa chipongwe.

Emily Brontë udani wa mabanja awiriwo sadauthetse ndi mizimu. Udatha pamene mwana wamkazi wa Cathy adasiya kumunyoza Hareton, nakhala naye pansi kumuphunzitsa kuwerenga. Mankhwala ake adali amenewo, otchipa chomwecho. Tsono inu amene mukusunga mwana wa malemu, fizi yake ya teremu ino mwalipira?