Penina wa m'foni mwathu

Pa 1 Samueli mutu 1 tikupeza Hana akulira, osadya, chifukwa Penina ankamuputa pa nkhani ya kusabereka. Chipongwe chimenechi chinkachitika chaka ndi chaka akamapita ku Silo. Koma ife masiku ano Penina timagona naye pamtsamiro.

Ana akagona timatsegula WhatsApp kapena Facebook. Uyu waonetsa nyumba yatsopano, uyu mwana wake ali ku Johannesburg, uyu amuna ake amugulira galimoto. Tikayang'ana kwathu, mtima umangoti myuu. Tulo timasowa, m'mawa timadzuka okwiya n'kumakalipira ana osalakwa. Timaiwala kuti palibe amene amajambula ngongole yake ya banki m'khonde, kapena misozi imene walira usiku. Ndipo tisadziyeretse, amayi. Nthawi zina Penina ndife, pamene tiika mawu obaya mnzathu mosamutchula dzina.

Hana anakakhuthula za mumtima mwake pamaso pa Mulungu, ndipo wansembe Eli poyamba anamuyesa woledzera. Nafenso timafulumira kunena kuti mayi wosweka mtima ndi waulesi, mwinanso walodzedwa. Chisoni chikatha masabata, munthu osadya, osagona, osafuna kuona anthu, amenewo ndi matenda, ndipo amachizika. Timupempherere ndithu, komanso timuperekeze kuchipatala.

Tikakumana sabata ino, tiwerengane. Alipo wina amene pagulu lathu la WhatsApp salephera kulemba Ameni, koma kutchalitchi sitinamuone mwezi wathunthu. Tisankhe amayi awiri akamuyendere kunyumba, mafoni awasiye m'chikwama.