Mwana wolera mwana

Padangokhala, ku Senga Bay m'dera la mfumu Maganga, kudali mayi wina amene anthu ankangomutchula ndi mfunda wake kuti Nambewe. Ankachapa ndi kusita pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, imodzi mwa malo aja amene Lachisanu likafika amadzaza ndi magalimoto ochokera ku Lilongwe, ena odzapuma, ena odzachita misonkhano. Ankalowa ntchito dzuwa likungosuzumira kutsidya, n'kuweruka nyali za asodzi a usipa zitayamba kale kuthwanima pamadzi.

Ntchito ya pamwezi njosowa kugombe kuno. Amayi ambiri amalawirira mbandakucha kukadikira maboti, kugula usipa, kuuyanika pathandala n'kukaugulitsa, ndipo mwera ukaomba sabata yathunthu m'nyumba mwawo mumazima moto. N'chifukwa chake Nambewe atazindikira kuti waima, chimwemwe chake chidabwera chitagwirana dzanja ndi mantha. Adali atamvapo za amayi ena amene adauzidwa kuti asabwerenso mimba itangooneka. Adayamba kuimanga yake ndi chitenje mkati mwa yunifolomu, nanyamulabe mitolo ya matawulo onyowa ngati kale.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri chitenje chidalephera kubisa. A manijala adamuitanitsa ku ofesi.

"Nambewe, bwanji simudanene?"

"Ndimaopa, bwana."

Bamboyo sadali munthu wankhanza, koma naye adali ndi eni malo omufunsa za ndalama mwezi ukatha. Adayang'ana kalendala pakhoma nati, "Pasaka ikubwera, zipinda zonse anthu alipiriratu. Ndikupatsani masabata atatu. Mukapitirira pamenepo sindidziwa chowauza akuluakulu. Mukudziwa nokha kuti pageti pamaima atsikana tsiku ndi tsiku kufunsa ntchito."

Nambewe adapinda maondo nathokoza ndi mtima wonse. Apa mpamene nthanoyi imandiwawa ine. Lamulo la ntchito la dziko lino, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limapatsa mayi aliyense wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Limanenanso kuti akabwerera apeze ntchito yake ikumudikira, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. Nambewe adapatsidwa zosakwana theka la zomwe zidali zake kale, ndipo adathokoza chifukwa padalibe amene adamuuzapo.

Adachira mu Malichi kuchipatala cha boma ku Salima, mwana wamwamuna wonenepa bwino. Atangotuluka m'chikuta, masabata aja adali atatsala pang'ono kutha. Amuna ake, a Phiri, ankakoka chilimira m'boti la munthu wina, ndipo msodzi wotere alibe tchuthi: amalandira gawo lake nsomba zikaphedwa, akapanda kupita malo ake m'boti amalowa wina. Epulo atafika chilumba cha Mbenje chidatsegulidwa, a Phiri adanyamula bulangete ulendo wa ku Chikombe kukakwera boti. Ku Mbenje sikupita akazi, ndiye za kumutsatira n'zosayamba n'komwe.

Mwana asiyidwe ndi yani? Nambewe adaimbira foni amayi ake ku Lifuwu. Nawo adali m'munda, mpunga ukucha, mbalame zikuuvutitsa.

"Ine sindingachoke, mwananga, mpungawu ungathe. Tenga mng'ono wakoyu. Ndi masabata ochepa okha, abwerera mayeso asanayambe."

Mng'onoyo adali wa zaka 13, wa Sitandade 8, mutu wakuthwa pa masamu. Adafika pakabaza atakumbatira jumbo ya makope. Nambewe adauona jumboyo, mtima udamugunda, koma adayang'ana kumbali. Ndi angati mwa ife amene tidaleredwa pamsana pa kamtsikana kotere, kamene dzina lake lidafufutika m'kaundula wa aphunzitsi popanda wofunsa?

Masiku adayamba kuyenda motere. Nambewe ankayamwitsa tambala woyamba atalira, n'kudzayamwitsanso kutada. Masana mabere ankadzaza mpaka kuwawa, mkaka n'kudonthera payunifolomu, iye n'kuphimba ndi thawulo kuti alendo asaone. Zikafika posapiririka ankalowa m'chimbudzi cha antchito, kufinya mkaka n'kuutaya. Nthawi yomweyo mwana wake adali akulira ndi njala m'nyumba imene munthu angafikeko pa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Kamtsikana kaja kankamubereka, kumuyendetsa pamchenga, kumuimbira, koma njala siimva nyimbo. Kadayamba kumupatsa madzi ndi sipuni. Mayi wina woyandikana nawo adakalangiza kuti kamuphikire phala lamadzimadzi, ndipo mwana atamwa adagona. Kamtsikanako kadasangalala kuti kapeza nzeru.

Mu Juni mwera udayamba kuomba, nyanja idachita mafunde, fumbi lidalowa paliponse. Mwana adatsegula m'mimba tsiku limodzi ndi usiku wake. Nambewe adamuona m'mawa ali wofooka, koma kulojiko kudali msonkhano waukulu, ndipo adadziuza kuti apempha kuweruka msanga. Dzuwa lili pamutu adaona mng'ono wake akuthamanga m'mbali mwa madzi, kudutsa pakati pa alendo, mpaka pazingwe zoyanikira nsalu.

"Achemwali, mwana sakuliranso! Liwombo lalowa!"

Nambewe adasiya simbi yosita ili chiyakire. Kuchipatala adamuika mwana dilipi, ndipo kutacha adatsegula maso nafuna bere. Namwino wachikulire adafunsa zimene mwanayo ankadya. Atamva za phala adagwedeza mutu.

"Amayi, mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi chakudya chake ndi bere lokha. Ngakhale madzi ayi."

"Ndimagwira ntchito, asisita. Ndimachoka m'mawa, kubwera usiku."

"Nanga nthawi yanu yoyamwitsa sakupatsani? Lamulo lidasinthidwa mu 2021. Mayi woyamwitsa ali ndi theka la ola kawiri patsiku, mkati mwa nthawi ya ntchito, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Mukatuluka muno mukafunse ku ofesi ya zantchito paboma pompano."

Usiku umenewo mng'ono wake adayala chitenje pansi pambali pa bedi. Nambewe adamuyang'ana, nakumbukira jumbo ija.

"Iwe, mayeso aja ndi liti?"

"Adalemba kale, achemwali. Mwezi watha."

"Bwanji sudanene?"

"Mwana ndikadamusiyira yani?"

Nambewe adatembenukira kukhoma nalira mosatulutsa mawu. Adaona kuti masabata asanu amene iye adalephera kupempha, ndi maola onse amene sadayamwitse, sadangosowa ayi. Adalipiridwa ndi ana awiri, wina ndi thupi lake, wina ndi sukulu yake.

Atabwerera kunyumba adapita kuthandala kwa agogo ena amene adakalamba akuyanika usipa pagombepo. Adawauza kuti wasankha kusiya ntchito.

"Usiye kuti mudye chiyani?" adatero agogowo, manja akutembenuza nsomba. "Amuna ako ali ku Mbenje. Ukudziwa chifukwa chake utaka wa kumeneko sutha? Kuyambira ine ndili kamtsikana, m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka chilumbacho Disembala akafika, mpaka Epulo. Palibe amaponya khoka. Asodzi amadandaula, eni maboti amawerenga ndalama zotayika, koma akatsegula amapeza nsomba zitaswana. Tsono ngati nsomba amaipatsa miyezi yoti ibereke ndi kulera, iwe munthu akupatse masabata atatu? Pita ukafunse. Koma usapite wekha, mdzukulu wanga. Mutu umodzi susenza denga."

Nambewe adakwera galimoto ya ku boma. Ku ofesi ya zantchito adamufotokozera zonse, namulembera papepala: masabata 8, theka la ola kawiri patsiku, maola 48 pasabata opitirira apo n'kulipidwa padera, ngakhalenso masabata awiri a bambo amene mkazi wake wachira. Pepalalo adaliwerengera anzake kuseri kwa khitchini, okonza m'zipinda, operekera zakudya ndi wophika mmodzi. Ena adakwiya, ena adachita mantha. Mayi wina wamasiye adanena poyera kuti iye sapita nawo, ali ndi ana anayi ndipo sangaseweretse ntchito. Palibe adamunyoza, pakuti onse ankadziwa kulemera kwa mawu akewo.

Adasankha Lolemba, alendo atapita, a manijala atamwa tiyi. Adalowa asanu. Nambewe adaika pepala patebulo ndi manja awiri.

"Bwana, sitidabwere kudzakangana. Mwana wanga adatsala pang'ono kufa, ndipo mng'ono wanga sadalembe mayeso. Tikupempha zimene zalembedwa apa."

A manijala adawerenga kawiri. "Ndamva. Koma taganizani, amayi. Kwanu ndi mphindi khumi ndi zisanu kupita, khumi ndi zisanu kubwera. Theka la ola lathera panjira. Mudzayamwitsa nthawi yanji? Ndipo alendo amalipira kuti apume, osati kumva ana akulira."

"N'chifukwa chake tabwera ndi maganizo, bwana. Kuseri kwa khitchini kuli kanyumba kosungiramo mipando yothyoka. Kali kutali ndi zipinda za alendo. Mutipatse kameneko, tikonza tokha. Agogo a kuthandala avomera kumakhala ndi ana, ife tizisonkha kuwalipira. Ine ndizilowa sikisi koloko, nsalu zonse zikhale zitauma ndi kusitidwa pofika fili koloko. Ndikapita koyamwitsa, mnzangayu aziyang'anira zochapa, iye akadzabereka ndidzamugwirira inenso."

Bamboyo adakhala chete. Kenako adati ayenera kufunsa eni ake. Padapita sabata. Za kanyumba ndi nthawi yoyamwitsa adavomera msanga, pakuti sizinkawadyera ndalama. Za masabata asanu aja adakana, ati zidapita kale. Nambewe adabwereranso paboma, ndipo mkulu wa ku ofesi ija ataimba foni, eni malo adalipira ndalama za masabatawo pakutha pa mwezi. Kwa masiku angapo a manijala ankayankha moni wake mwachidule. Iye adapirira, nasita mashiti mosalala kuposa kale.

Kanyumbako adakasesa, adakazira, nayala mphasa ziwiri. Agogo ankafika m'mawa akudandaula za maondo, n'kukhala pakhomo mwana ali pamiyendo. Pofika teni koloko Nambewe ankapukuta manja, kukhala pamphasa n'kuyamwitsa osabisala. Kusikelo mzere wa pakhadi la mwana, umene udatsika mu Juni, udayambanso kukwera. Disembala atafika Mbenje adatsekedwa, a Phiri adabwera. Atamva zonse adakhala nthawi yaitali osayankhula, ndipo kuyambira tsikulo ankamutenga mwana masana n'kukakhala naye pamthunzi posoka maukonde, anzawo akuseka, iwo osalabadira.

Chimene sichidabwezeke ndi chaka cha mng'ono uja. Ndalama za masabata asanu Nambewe adagulira yunifolomu, nsapato ndi makope, namuperekeza yekha ku Lifuwu sukulu zitatsegulidwa. Mtsikanayo adabwereza Sitandade 8 pamodzi ndi ana amene kale adali m'mbuyo mwake, anzake ena atapita kusekondale. Nambewe adagwada pamaso pa amayi ake nawapempha kuti, kaya mpunga uche kaya wina abereke, mwanayu asadzachotsedwenso m'kalasi. Amayiwo adati nawonso adalera ang'ono awo momwemo ndipo sadafe. Nambewe adawakumbutsa kuti mpaka lero akafuna kutapa ndalama pafoni amapempha munthu kuti awawerengere. Amayiwo sadayankhe, koma mtsikanayo sadajombenso.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, mtsikana wina woperekera zakudya adabwera kochapira zovala nayima pafupi ndi Nambewe, akupotokola nsonga ya epuloni.

"Achemwali, ndaima. Miyezi itatu. Sindinauze aliyense. Ndaganiza zodzaitanitsa mng'ono wanga kumudzi kuti adzandigwirire mwana."

"Ali sitandade chani?"

"Sikisi."

"Msiyeni aphunzire. Mphasa ilipo, agogo alipo, ifenso tilipo." Nambewe adazimitsa simbi, napukuta manja. "Tiyeni kwa bwana pompano."

A manijala adawaona akulowa awiri, adayang'ana mtsikanayo, nafunsa mwezi umene akuyembekezera. Kenako adatsitsa kalendala pakhoma, adatenga cholembera, nayamba kuwerenga masabata mokweza mpaka adakwana asanu ndi atatu.