Kodi m'bandakucha ngwogulitsa?

Mwana wa mlongo wanga ndi namwino ku Mangalande. Tsiku lina adandiimbira lamya ndili m'chigafa kusoka fodya, mawu ake akuchita kumvekeratu kuti zamuipira. Akuti adatenga ana ake awiri kukaona nsomba ku nyumba ija Azungu amati aquarium, kumene nsomba zamoyo amazisunga m'matanki a galasi kuti anthu azidzaziona. Adalawirira ndithu, naima pamzere kunja kukuzizira, chitseko chikadali chotseka. Ali chiimire choncho adaona kagulu ka anthu kakulowera pakhomo lam'mbali, mtsikana wa yunifolomu ali patsogolo. Atafunsa adamuuza kuti amenewo alipira ndalama zoonjezera: amalowa ola lathunthu ena onse asanalowe, woperekeza alendo n'kumawafotokozera tanki ndi tanki, mopanda phokoso.

"Amalume," adatero, "chandiwawa si kuzizira ayi. Titalowa ife, pa tanki ina padalembedwa kuti Lake Malawi. Mbuna zathu! Koma anthu anali pikitipikiti, ana anga angoona misana ya anthu. Nsomba zakwathu, ine n'kukhala womaliza kuziona?"

Ndidaseka, ndi kumukumbutsa kuti amalume akewa, zaka zonse akhala kuno kwa Lukwa, mbuna yamoyo adaiona kamodzi kokha, nako n'chifukwa cha ulendo wa sukulu m'masiku a uphunzitsi. Koma lamya itaduka funso lake silidandichoke. Kodi chinthu chimene timati n'cha anthu onse, n'koyenera kudula chidutswa chake chokoma, ola loyamba la m'mawa, n'kugulitsa kwa amene ali ndi thumba lolemera?

Nyumba zoonetseramo nsombazi si za dzana. Yoyamba yotsegulira anthu onse inali ya ku London Zoo, mu 1853. Kum'mwera kuno kuli Two Oceans ku Cape Town, ya 1995, ndi uShaka ku Durban, ya 2004. Nanga mbuna zidafika bwanji kutali konseko? Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Banja la mbuna, utaka ndi chambo lokha lili ndi mitundu yopitirira 700. N'chifukwa chake mu 1980 boma lidakhazikitsa paki ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant ankagwira nsombazi n'kumazisunga m'matanki ku Kambiri, kufupi ndi Senga Bay, n'kumazitumiza kunja pa ndege, mpaka nsomba ina adaipatsa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Zambiri zimene zili kunjako lero ndi zidzukulu zobadwira m'matanki momwemo, zosadziwa mwala wa ku Thumbi. Zafanana ndi ana a namwino uja.

Tiyeni tiyambe tamumvera wogulitsa, poti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Iye akuti nsomba zimadya tsiku ndi tsiku, mapampu a madzi sagona, magetsi ndi malipiro a antchito sadikira. Ola limene akugulitsalo kale linkangopita pachabe, chitseko chili chotseka. Wa tikiti wamba akulowabe nthawi imene ankalowa kale, palibe chimene walandidwa. Ndiponso ndalama za olemerawo ndizo zimathandiza kuti tikiti wamba isakwere kwambiri. Mawu amenewa ngolemera, ndipo amene angawakankhire kumbali ndi liwu limodzi loti "tsankho" ndiye kuti sadayendetsepo ngakhale kagolosale.

Komatu nkhaniyi ine sindikuionera pa galasi la ku Mangalande. Kuno kwathu ilipo, yokhala ndi minyanga. Dera la Lukwa lachita malire ndi nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, imene idakhala paki mu 1970, yachiwiri kukula pambuyo pa Nyika. M'menemo munali midzi. Atsamunda adasamutsamo anthu m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo makolo a ena mwa ife adagona komweko. Aliyense wodziwa tchire akuuzani kuti nyama zimaoneka m'bandakucha ndi chakumadzulo. Dzuwa likakwera zimalowa m'mithunzi. Tsono mlendo wogona ku Lifupa amadzuka kusanache, kukwera galimoto kapena kuyenda pansi, woperekeza ali pambali, wagemu ali ndi mfuti patsogolo. Amaona mvuu zikubwerera m'damu, mphambano za nyama zikadali zatsopano pa mame. Kumeneko ndiko kulowera khomo lam'mbali kwa kwathu kuno.

Ifenso njovu timaziona m'bandakucha, musaganize kuti n'za alendo okha. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timazionera m'munda wa chimanga. Njovu za m'pakiyi zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, opha nyama mozemba n'kuzitha mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, pamodzi ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, idabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kwa dziko inali nkhani yabwino. Kwa okhala m'malire, kuno ndi tsidya la ku Zambia, padatsatira minda yoonongeka, nkhokwe zogumulidwa ndi maliro. Waya wamagetsi wamangidwa mbali zina, koma amene adaika m'bale wake m'manda simungamuuze za waya. Ndiye taonani: m'bandakucha umodzi womwewo, wina walipira kuti auone, wina akuulipira osafuna.

Wina anganene kuti kutsogoza ena si chinthu chobwera ndi Azungu, ndipo akunena zoona. Pamudzi pathu akulu amayamba kusamba m'manja. Mlendo timamuphera nkhuku ana akudyera nkhwani. Mfumu ili ndi mpando wake pabwalo. Koma tayang'anitsitsani kutsogola kwa kumudziko. Mayi wofulula mowa amayamba ndiye kumwa, osati chifukwa cha dyera, koma kuonetsa kuti mulibe choipa. Woyamba kudutsa kanjira m'mamawa ndiye amanyowa ndi mame, ndiye amakumana ndi njoka. Obwera pambuyo amayenda pouma. Mlendo wadya nkhuku uja, tsiku lina nafe tidzakhala alendo kwawo. Kutsogola kwake kunali ndi ngongole mkati. Kutsogola kogula ndi tikiti kulibe ngongole: walipira, wapatsidwa lisiti, nkhani yatha. Otsala panja sakuwadziwa, ndipo palibe chomukakamiza kuwadziwa.

Mphunzitsi wina wa ku Harvard, Michael Sandel, adalemba buku mu 2012 lotchedwa What Money Can't Buy, ndipo mutu wake woyamba ngwa kudumpha mzere. Mfundo yake njakuti mzere ndi msika ndi njira ziwiri zosiyana zogawira zinthu: mzere umafunsa kuti wafika nthawi yanji, msika umafunsa kuti uli ndi zingati, ndipo pang'onopang'ono msika ukulanda malo amene kale anali a mzere. Ife alimi a fodya sitidasowe pulofesa kuti atiuze zimenezo. Chaka china mabelo anga adagona masabata pa lole, pamzere wa msika wina wa fodya, kwinaku malole obwera pambuyo akudutsa ngati ali ndi mapiko. Fodya adayamba nkhungu, mtengo udagwa, fizi ya ana idachedwa.

Apa ndiyenera kudziletsa ndekha, poti mkwiyo umasakaniza zinthu zosiyana. Wondidumpha pa mzere wa fodya adandibwezera ine m'mbuyo, ndipo adachita mumdima, ndalama n'kulowa m'thumba la munthu. Chimenecho n'chiphuphu. Wolowa m'mawa kukaona nsomba sadabwezere namwino uja m'mbuyo ngakhale phazi limodzi, mtengo udalembedwa poyera, ndalama zidapita kwa nsomba. Kumutcha wakuba n'kumunamizira. Ngati pali cholakwika, chili pena.

Ine ndikuchiona pawiri. Poyamba, anthu a mawu akapatsidwa khomo lawolawo, khomo la anthu wamba limasowa wolidandaulira. Taganizani, chimene chimagulitsa tikiti ya m'mawa n'chiyani? Ndi chipwirikiti cha masana chomwecho. Tsiku limene mwini nyumba adzakonze zoti masana anthu aziona nsomba mwamtendere, tikiti yodula ija yafa. Sindikuti amachitira dala, ayi. Ndikungoti munthu sachita changu kupoletsa bala limene likumudyetsa. Zimenezi tidaziona kale m'zipatala za mbali yolipira ndi mbali yaulere, ndi m'sukulu: akuluakulu ana awo akachoka m'sukulu za boma, denga likasasuka limatha zaka.

Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene pandikhudza monga mphunzitsi wopuma, chimene chikugulitsidwa si ola lokha. Akugulitsa bata ndi munthu wofotokoza. Mwana woyang'ana tanki pakati pa zigongono za anthu amaona kansomba kabuluu, basi. Mwana amene waima phee, wina n'kumulozera, amaona kuti kansomba kena katupa kukhosi ndipo sikakudya. Amauzidwa kuti ameneyo ndi mayi, wasunga mazira m'kamwa, akhala choncho pafupifupi masabata atatu asanatulutse ana. Amauzidwa kuti mbuna zimadya ndere za pamiyala, ndipo zambiri siziwoloka mchenga kapena madzi akuya, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana awiriwa alowa nyumba imodzi tsiku limodzi, koma wina watuluka ndi nyanja m'mutu, wina watuluka ndi njala.

Ku paki n'chimodzimodzi. Mlendo amabwerera kwawo akudziwa kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22, kuti gulu limatsogozedwa ndi nkhalamba yaikazi, amuna akakula n'kuchoka, monga ife Achewa ndi chikamwini chathu. Mwana wa kwa Lukwa, amene amamva kulira kwa njovuzo ali pamphasa, amadziwa ziwiri zokha: njovu imadya chimanga, wagemu amamanga. Kenaka timadabwa kuti akakula akutchera misampha. Tikufuna asamale chinthu chimene kukoma kwake adangokumva kwa ena, chikhalirecho kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ndiye titani, titsegule zipata aliyense alowe nthawi imodzi? Ayi, zimenezo tidalawako. Mu 1994 sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, ana adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindingachibweze, koma ine ndidaima patsinde pa mtengo ndi ana oposa 100, ndipo ndikudziwa kuti kulowa pachipata si kuphunzira. Bata siligawika ngati mchere. Mukalowetsa onse m'bandakucha, nyama zithawa, ndipo palibe aone kanthu. Wina ayenera kutsala panja tsiku limenelo. Funso n'lakuti, kodi azikhala yemweyemweyo masiku onse?

Njira zina zogawira zilipo, ndipo si maloto. Kuyambira 1990 paki yomweyi ya Kasungu idayamba kulola anthu a m'malire kulowa kukatola matondo pa nyengo yake ndi kuika ming'oma ya njuchi. M'mapaki athu Mmalawi amalipira zochepa pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi makalabu m'sukulu. Kunja nako nyumba zina za nsomba zimapatula m'mawa wina kuti kulowe ana amene phokoso ndi chigulu zimawasokoneza mutu. Kumeneko ola la bata laperekedwa poona kusowa kwa munthu. Koma kutsitsa mtengo wa pachipata pakokha n'kosakwana. Kuti uone m'bandakucha wa ku Lifupa uyenera kugona komweko kapena kukhala ndi galimoto, ndipo mlimi wa bale amene akudikira ndalama za kampani alibe zonse ziwiri.

Maganizo anga ndi awa, ndipo otsutsa alembere mkonzi. Gulitsani m'mawa, palibe tchimo, nsomba ndi agemu adye. Koma musagulitse yonse. Pa sabata pakhale tsiku limene galimoto yomweyo, woperekeza yemweyo, ola lomwelo, n'za ana a Sitandade 7 a kwa Lukwa, kwa Chulu ndi kwa Kawamba, kufotokoza kwake m'Chichewa, ndipo mtengo wake ukhale m'kati mwa tikiti ya mlendo, n'kumuuza poyera kuti walipirira ana angati. Ndikukhulupirira kuti alendo ambiri sangakane. Ena angakondwe kuposa mmene akondwera ndi mvuu. Pamenepo wotsogola uja wasansadi mame. Chimene ndikukana n'kuwaponyera ana athu nthawi ya masana, dzuwa lili paliwombo, n'kulemba mu lipoti kuti anthu a m'midzi nawo apindula.

Namwino uja adaimbanso patapita masabata awiri. Akuti walipira, alowa m'mawa, ndipo wamng'ono adakana kuchoka pa tanki ya mbuna mpaka mtsikana wa yunifolomu adachita kumunyengerera. "Koma amalume, potuluka ndidadutsa anthu ali pamzere, ndidasowa poyang'ana." Sindidamudzudzule, sindidamutonthozenso.

Kuno ife ndi ahedi a pasukulu yathu takhala pansi kuwerengera mtengo wa lole, kuti fodya akagulidwa titenge kalasi imodzi, tinyamuke tambala woyamba. Ndalama sizinakwane, makolo ena akuti za njovu asazimve n'komwe, ndipo sindingawatsutse. Mdzukulu wanga, amene dzina lake lili kale pa pepala, adandifunsa dzulo ngati njovu zimene tikaonezo ndi zomwe zija zidatidyera chimanga chaka chatha. Ndidamuuza kuti akafunse yekha kwa agemu, tikakafika nthawi yabwino.