Damu Silipanga Mvula

Munthu wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 akatsegula mpopi m'mawa sakumbukira za ku Malingunde. Komatu madzi ambiri amene mzinda wa Lilongwe umamwa amasungidwa kumeneko, m'madamu awiri a pa mtsinje wa Lilongwe. Kamuzu Dam yoyamba idamangidwa mu 1966, yachiwiri mu 1989, ndipo mtsinje wodzaza madamuwa umachokera ku mapiri a Dzalanyama.

Amene adamanga madamuwa adali anthu ophunzira kwambiri. Adayeza nthaka, adawerengera simenti ndi miyala, namanga khoma lolimba. Koma pakati pawo padalibe ndi mmodzi yemwe wotha kugwetsa dontho la mvula. Ntchito ya damu ndi kulandira madzi, kuwasunga ndi kuwapereka kwa anthu. Mvula ikakana, khoma lija limangotchinga matope.

Nzeru za Mulungu zimabweranso motero. Mpingo umaphunzitsa kuti nzeru ndi yoyamba mwa mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera, zimene Mkhristu amalimbikitsidwa nazo mu Sakramenti la Ulimbitso. Mphatso sailembera mayeso, amachita kuilandira. Solomoni atangolowa ufumu, Mulungu adamuuza m'maloto ku Gibiyoni kuti apemphe chimene akufuna. Iye adayamba ndi kuvomera kuti ndi mwana wosadziwa kanthu, ndipo adapempha mtima womvera kuti athe kusiyanitsa chabwino ndi choipa (1 Mafumu 3). Nzeru zake zidayambira pa kudzichepetsa kumeneko.

Apa m'pamene Mkhristu wa m'tauni amapunthwa. Adazolowera kuti chilichonse chili ndi ofesi yake ndi mtengo wake. Tsono mwana akamaliza sukulu ya ukachenjede nakhala zaka zitatu osapeza ntchito, kapena matenda akakana mankhwala, kapena lendi ikafika m'thumba muli mbee, mtima umafuna yankho la lero lomwe. Wina amathamangira katapila. Wina amalandira chiphuphu ponena kuti ana adya chiyani. Wina amachoka pa Misa n'kukagogoda kwa sing'anga madzulo ake. Onsewa akuyesa kupanga mvula ndi manja awo, ndipo akuluakulu adanena kale kuti nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Kudzipereka kwa Mulungu sikutanthauza kupinda manja. Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amagalauza mizere dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Amakonzeratu mbewu ndi manyowa, kenaka amadikira. Amadziwa gawo lake ndipo amalikwaniritsa, koma amadziwanso gawo limene si lake. Mkhristu wanzeru amalemba makalata ofunsira ntchito, amapita ndi wodwala kuchipatala, amakambirana ndi mwini nyumba mwachilungamo. Zotsalazo amazisiya m'manja mwa Mulungu, osafuna kumuthandiza ndi njira zamdima.

Kudzipereka sikutanthauzanso kunamizira kuti palibe chikupweteka. Ku Getsemani Ambuye Yesu adauza Atate poyera kuti akadakonda chikho cha masautso chimupitirire. Adapemphera katatu, ndipo pomaliza adasankha kufuna kwa Atate (Mateyu 26). Yankho silidakhale kuthawa mtanda, koma mphamvu zousenzera. Kuuka kudabwera pa tsiku lachitatu, nthawi imene Atate adaika.

Chinanso chimene Malingunde amaphunzitsa n'chakuti gwero limafunika kulisamala. Mitengo ya ku Dzalanyama ikumatha chifukwa cha makala amene ambiri amagulidwa mumzinda muno. Nkhalango ikatha, dothi limakokolokera m'damu ndipo malo a madzi amachepa pang'onopang'ono. Mtima nawo umakwiririka chimodzimodzi. Lero pemphero la m'mawa ladumphidwa, mawa kumphakati sikudapitike, chaka chatha osalapa, mpaka Mulungu akamalankhula mawu ake amasowa pokhala.

Sabata ino Mkhristu aliyense atchule pamaso pa Mulungu chinthu chimodzi chimene chikumusowetsa tulo. Adzifunse kuti gawo lake pa nkhaniyo ndi liti, ndipo alichite mokhulupirika. Chotsalacho achiike pa guwa pa nthawi ya zopereka, pamodzi ndi mkate ndi vinyo. Mtumwi Yakobe akutsimikiza kuti Mulungu amapatsa nzeru aliyense womupempha, mosaumira ndi mosatonza (Yakobe 1:5).