Njira ya Njinga M'phiri Imayesedwa ndi Mvula

Achinyamata opalasa njinga m'mapiri akafuna kutama njira amathamangira kutchula liwiro. Amati apa umatsetsereka mpaka misozi kutuluka, apo umadumpha n'kukhala kaye m'malere. Ana anga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira ya m'phiri siitamidwa m'chilimwe. Kaioneni m'mawa mvula itagwa usiku wonse, ndipo mupite wapansi, njinga mutaisiya kunyumba.

Mukafika, weramani. Masamba ouma ndi timitengo tidzakuuzani kumene madzi anadzera. Ngati zinyalalazo zaunjikana m'mphepete, mbali ya kumunsi, ndiye kuti madzi anangooloka njira n'kumapita. Womangayo ankaidziwa ntchito yake. Koma mukapeza kangalande katakumbika pakati penipeni, mizu ya mitengo ili pamtunda, timiyala titasonkhana kumapeto kwa mtsetse, dziwani kuti njirayo yayamba kufa. Madzi saiwala khwawa. Akapeza podzera kamodzi, chaka chamawa adzabwerera pomwepo, ndipo kangalande kaja kadzasanduka chigwembe.

Bungwe la opalasa njinga m'mapiri la IMBA, limene linakhazikitsidwa ku California mu 1988, linaika nzeru imeneyi m'manambala. Limaphunzitsa kuti njira isatsetsereke kupitirira theka la kutsetsereka kwa phiri limene ikudutsamo: phiri likakhala la 20 peresenti, njira isapyole 10, apo ayi madzi amasiya kuoloka n'kuyamba kutsata njirayo. Limatinso njira yonse, mukaiwerengera pamodzi, izikwera mamita osapitirira 10 pa mamita 100 alionse, ndipo nkhope yake ipendekere kumunsi pang'ono, ndi 5 peresenti, kuti madzi asagone. Kenaka pali timaenje tosaya timene omanga amasiya dala: njira imatsika, n'kukwera pang'ono, n'kutsikanso, kuti madzi azituluka asanasonkhanitse mphamvu. Mlimi amene anaunga akalozera m'munda wa pamtsetse sangadabwe nazo izi. Amadziwa kale kuti mzere wolunjika kumunsi ndi mphatso kwa mtsinje.

N'chifukwa chake njira yabwino imakhotakhota, ndipo wopupuluma amaiona ngati yochedwetsa. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Kukhotako n'kumene kumasunga dothi, n'kumenenso kumapatsa wopalasa chokoma chenicheni. Pokhota pomangidwa bwino, pokhala ndi kamtumbira kunja kwake, njinga imadzitembenukira yokha, manja osalimbana ndi mabuleki. Pokhota pobwera modzidzimutsa kumapeto kwa mtsetse wautali, aliyense amafinya mabuleki pamalo amodzi, tayala lakumbuyo n'kumakwekwesa dothi, mpaka pamabadwa timabampu togwedeza mano. Timabampu timeneto si mlandu wa opalasa okha ayi. Ndi umboni wakuti wojambula njirayo sanaganizire liwiro limene munthu amafika nalo pamenepo.

Ndimalemekeza kwambiri zimene zinachitika ku Coed y Brenin, nkhalango ya ku Wales kufupi ndi Dolgellau, dera la mvula yosakata. M'zaka za m'ma 1990, Dafydd Davis, wogwira ntchito za nkhalango, anayamba kumanga njira za njinga zokha, akuyala miyala pamalo onyowa kuti anthu azipalasa chaka chonse popanda kusandutsa phiri dambo. Malowa anakhala chitsanzo ku Britain konse. Walira mvula walira matope, ndipo iye matopewo anawakonzekera asanaitane alendo.

Pambuyo pa madzi, chachiwiri chimene ndimayang'ana ndi chikwangwani. Ku Britain njira amaziika m'mitundu: yobiriwira ya oyamba kumene, yabuluu, yofiira, mpaka yakuda ya akatswiri. Mtunduwo ndi lonjezo. Mayi akalowetsa mwana wake m'njira yobiriwira, wakhulupirira kuti kuseri kwa mtengo uko kulibe thanthwe lodumphira. Paki ya njinga imene imabisa phompho m'njira ya ophunzira yanama, ngakhale ikongole chotani. Yabwino imaika chopinga chovuta pakhomo penipeni pa njira yakuda, kuti amene sanakhwime abwerere asanalowe m'kati, ndipo pambali pa malo odumphira imasiya kanjira kolambalala. Safunsa anadya phula, inde, koma mlendo akafunsa chikwangwani, chimuyankhe zoona.

Ambiri amalota za Whistler ku Canada, paki imene inatsegulidwa mu 1999, kumene opalasa amakwezedwa phiri pa mipando yoyenda pachingwe n'kutsika m'njira yotchuka ya A-Line. Zithunzi zimaonetsa anthu ali m'malere. Sizionetsa gulu la antchito limene limabwerera ndi mafosholo ndi makina kukasalaza mabampu ndi kutsegula ngalande zotsekeka. Mutu umodzi susenza denga; ngakhale kumalo opanda ndalama ngati za Whistler, njira imakhala moyo chifukwa cha opalasa odzipereka amene amapatula tsiku logwira khasu.

Choncho mukafika pa paki iliyonse, funsani kuti amakonza ndani, ndipo anakonza liti komaliza. Funsaninso ngati amatseka njira dothi likafewa. Pamene satseka, opalasa amazemba chithaphwi podzera m'mbali, udzu n'kufa, ndipo kanjira kamene kanali kokwana tayala limodzi kamatambasuka mpaka ngolo ingathe kudutsapo.