Vinyo Wosasakaniza wa ku Mapiri a Aosta

Pa Nsembe ya Misa wansembe amatsanulira vinyo m'cikho, nathiramo kadontho ka madzi. Akristu amaona zimenezi Lamulungu liri lonse, koma ndi owerengeka amene anaonapo mpesa ukubala, kapena amene adziwa thukuta limene limagwa vinyoyo asanafike pa altare. Nkoyenera tsono kumva za alimi ena a mphesa a kumapiri, pakuti nchito yao iri ndi phunziro kwa Mkristu ali yense, makamaka kwa akatekisiti otumikira m'midzi yakutali.

Ku Italy, kumpoto cakumadzulo, kuli cigwa ca Aosta, cimene cimathera patsinde pa phiri la Mont Blanc, lotalika mamita oposa 4,800. Kumtunda kwa cigwaco kuli midzi iwiri yoyandikana, Morgex ndi La Salle. Minda yao ya mphesa iri pa malo okwera mamita 900 mpaka 1,200, ndipo iwerengedwa pakati pa minda yokwera koposa ku Ulaya konse. M'maiko otentha malo otere sadabwitsa munthu. Koma kumeneko nthaka imakwiririka ndi cipale cofewa miyezi ingapo, ndipo cisanu cimatha kupha mphukira ngakhale nyengo yofunda itayamba kale.

Mindayo njaing'ono, yogawika m'tizigawo tambiri pa matsitso a phiri, ndipo makolo anaimangira makoma a miyala kuti dothi lisakokoloke. Mtundu wa mphesa umene umapirira kumeneko ndi woyera, dzina lace Prié blanc. Umaphuka mocedwa, cisanu citapita, nupsa msanga kuzizira kusanabwerenso. Alimi saulola kukwera m'mwamba. Amauyanzitsa pa tinsanja tatifupi tocirikizidwa ndi mizati ya miyala kapena ya mitengo, kuti mphepo isauthyole, ndi kuti kutentha kumene miyala yasunga usana kufunditse matsango usiku. Cifukwa cace pa nthawi yokolola munthu sangagwire nchito ciriri: amawerama, kawirikawiri amagwada, nathyola tsango limodzi limodzi ndi manja.

Ca m'ma 1863 ku France kunaoneka kacirombo kocokera ku America, kochedwa phylloxera, kamene kamayamwa mizu ya mpesa kufikira tsinde lonse litauma. M'zaka zotsatira kanasakaza minda yambiri ya ku Ulaya, ndipo alimi anapulumutsa mipesa yao pakuimezanitsa pa mizu ya mipesa ya ku America, imene kaciromboko sikaigonjetsa. Koma ku Morgex sikanakhazikike, popeza malowo ngokwera ndi ozizira, ndipo mipesa ya kumeneko ikali pa mizu yaceyace kufikira lero. Kuzizira kumene kumabvutitsa mlimi ndiko kumene kunacinjiriza munda wace.

Minda yotere imasiyidwa msanga, pakuti nchito njambiri ndipo phindu nlocepa. Mmodzi mwa amene anailimbikira anali wansembe, Bambo Alexandre Bougeat, bambo mfumu wa parishi ya Morgex. Mu 1964 iwo anayamba kuika vinyo wa m'mudzimo m'mabotolo, nalimbikitsa akristu ao kusamala mipesa ya makolo. Anamwalira mu 1972, koma nchitoyo sinafe nao: mu 1983 alimi a midzi iwiri ija anakhazikitsa bungwe lao lopangira vinyo pamodzi.

Kodi vinyo amapangidwa bwanji? Mphesa zikapsa zimafinyidwa, ndipo madzi ace amathiridwa m'migolo. Pa makungu a mphesa ndi m'nyumba yopangiramo muli tizamoyo tosaoneka ndi maso, tochedwa yisiti, timene timadya shuga wa m'madzimo, ndi kumsandutsa ukali wa vinyo ndi mpweya. Apo madzi amawira masiku angapo kapena masabata, kenaka nakhala bata, nsenga nizitsikira pansi. Mulungu anaika zonse zofunika m'tsango lomwelo.

Koma anthu anapeza njira zofulumizitsira nchitoyo ndi zobisira zolakwa zace. Mu 1801 Jean-Antoine Chaptal wa ku France anachukitsa njira yoonjezera shuga m'madzi a mphesa zosapsa bwino, kuti vinyo akhale wamphamvu. Ena amathiramo yisiti wogula, ena sulufule wambiri. Ciyeso coonjezera shuga cimakula makamaka kumalo ozizira monga kumapiri, kumene mphesa sizitsekemera kwambiri. Komabe alipo alimi ang'onoang'ono, m'mapiri a Italy ndi France ndi kwina, amene anasankha kupanga vinyo wacilengedwe. Iwo amakana zoonjezera zonsezo, nalandira cimene caka capereka. Mu 2020 ku France kunabvomerezedwa cizindikiro ca vinyo wotere, cochedwa Vin Méthode Nature. Malamulo ace ndi awa: mphesa zilimidwe popanda mankhwala a m'mafakitale, zithyoledwe ndi manja, ziwire ndi yisiti wacewace, ndipo sulufule, ngati alimo, asapitirire mamiligramu 30 pa lita.

Njira imeneyi iri ndi zoopsa zace. Vinyo wosacinjirizidwa ndi mankhwala amasasa msanga ngati mgolo uli wosatsuka, kapena ngati mpweya walowamo. Motero mlimi amatsuka ziwiya zace mosatopa, amasunga migolo yodzaza mpaka pakamwa, nalawa vinyo wace kawirikawiri. Amene wakana mankhwala ayenera kucurukitsa cheru.

Eklezia nayenso ali ndi lamulo pa vinyo wa pa altare. Buku la Malamulo a Eklezia la 1983, pa kanoni 924, lilamula kuti vinyo wa Misa akhale wacilengedwe, wocokera ku cipatso ca mpesa, ndiponso wosaonongeka. Ndipo kalata ya ku Roma ya 2004, Redemptionis Sacramentum, inabwerezanso kuti asasakanizidwe ndi zinthu zina. Lamuloli silifunsa zonse zimene alimi aja amadziikira, koma mtima wace ngomwewo. Ambuye Yesu anatenga vinyo wa mphesa pa Mgonero Wotsiriza. Ncifukwa cace mowa wa cimera kapena cakumwa ca nthoci sizingalowe m'malo mwace, ngakhale zikhale zapafupi ndi zosakwera mtengo. Kadontho ka madzi kaja nkosiyana ndi cinyengo ca amalonda. Cyprian Woyera, episkopi wa ku Carthage, anaphunzitsa kuti madziwo aimira anthu olumikizidwa ndi Kristu, kotero kuti sangalekanitsidwenso.

Malembo Oyera achula munda wa mphesa kawirikawiri. Mneneri Yesaya, pa mutu 5, asimba za mwini munda amene analima pa phiri, nacotsa miyala, nabzala mipesa yosankhika, koma pokolola anapeza mphesa zowawasa. Ndipo mundawo unali mtundu wa Israele, kumene Mulungu anayembekeza cilungamo napeza kukhetsa mwazi. Pa mutu 15 wa Yohane Woyera, Ambuye adzifanizira ndi mpesa, ophunzira ao ndi nthambi, nawacenjeza kuti ngakhale nthambi yobala idzaduliridwa kuti ibale koposa. Paulo Woyera, m'kalata yaciwiri kwa Akorinto, mutu 2, adzudzula anthu ocita malonda ndi mau a Mulungu. Liu la Cigriki limene anasankha linali kunenedwa za ogulitsa vinyo, amene anali ndi mbiri yomsungunula ndi madzi kuti apindule.

Apa ndipo pali cenjezo kwa katekisiti. Munda wace kawirikawiri umafanana ndi wa ku Morgex: ngwaung'ono, ngwamiyala, uli kutali ndi mishoni, ndipo wansembe amafikako kamodzikamodzi. Akaona akatekumeni akucepa, ciyeso cimamfikira coonjezera shuga. Angathe kulambalala ciphunzitso ca ukwati wosatha, kapena ca kubweza zakuba, kapena ca kukhululukira mdani, cifukwa cimawawa m'makutu mwa anthu ochuka a m'mudzi. Angathenso kufulumizitsa ku Ubatizo anthu osakonzeka, kuti ciwerengero cace cikondweretse bambo mfumu. Wina amaonjezera zowawa m'malo mwa zotsekemera: ukali wace, malamulo a m'mutu mwace, zoopseza zimene Eklezia sanaphunzitse. Onsewa asakaniza vinyo amene sali wao. Mpingo woleredwa motero umaoneka wamphamvu nyengo imodzi, koma mabvuto akafika umasasa.

Akristu ena onse nao ali ndi mgolo wao, ndiwo mtima. Munthu amene amalandira Ukaristia m'mawa, napita kwa woombeza ula madzulo, wathira cinthu cacilendo m'cikho ca Ambuye. Amene amapereka ca mtulo cocokera ku muyeso wacinyengo wacita cimodzimodzi. Mgolo umenewu umatsukidwa m'sakramenti la Kulapa, nusungidwa wodzaza ndi pemphero la tsiku ndi tsiku. Pakuti cimo limalowa pa mpata umene pemphero lasiya, monga mpweya ulowa mu mgolo woperewera.

Ndipo pasakhale wotaya mtima cifukwa ca kucepa kwa zokolola kapena kuuma kwa malo. Mlimi wa kumapiri sacita manyazi ndi migolo yace yowerengeka, popeza adziwa cimene ciri m'katimo. Umphawi ndi kutalika kwa mudzi nthawi zina zimacinjiriza cikhulupiriro ku matenda amene amasakaza malo a mtendere ndi cuma. Caulere ca Mulungu cimawira mwakacetecete m'mtima wa katekumeni, ndipo palibe angacifulumizitse; cimene cifunika kwa mphunzitsi ndico kudulira pa nyengo yace, kusamala ciwiya, ndi kudikira. Alimi a ku Morgex amakolola atagwada. Katekisiti amene afuna cipatso ceniceni m'munda wa Ambuye adzacipeza m'njira yomweyo, pa maondo ace, ndipo Mwini munda, amene adziwa kulawa kwa vinyo woona, sadzamlanda mphotho yace.